Kodi udzu wapima mankhwala? Yankho kwa mlimi wa ku Mwansambo

Funso: "Ndine mlimi wa ku Mwansambo m'boma la Nkhotakota. Ndili ndi maekala atatu omwe ndakhala ndikulima mwa mtayakhasu kwa zaka 8. Chaka chilichonse ndikangodzala chimanga ndimapopera Roundup wosakaniza ndi Harness. Kale munda unkayera, koma zaka ziwirizi khovani ndi udzu wina sizikufa. Mankhwala adakwera mtengo, ndiye ndimathira theka la momwe ndinkathirira. Anzanga akuti udzu wapima, ena akuti ndizithiramo mchere. Kodi ndiwonjezere mankhwala, ndisinthe mtundu, kapena ndibwerere kwa aganyu?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Za mchere tithane nazo pompano: usiyeni kukhitchini. Suwonjezera mphamvu ya mankhwala, ungokudyerani zitsulo za sipuleya. Zinazo ndiye zofunika kukhala pansi, ndipo mbali ina mwadziyankha nokha pamene mwati mumathira theka.

Tiyambe ndi khovani popeza ndi amene mwamutchula dzina. Khovani sanapime. Iyeyu Roundup sanamuopepo chiyambire. Mukamupopera amachita chikasu, amafota pang'ono ngati akufa, pakatha masabata awiri mupeza waphukanso m'mfundo. Tsinde lake ndi lamadzi, pamfundo iliyonse yogunda dothi amatulutsa mizu, ndipo ali ndi chinyengo china chomwe alimi ambiri sachidziwa: kuwonjezera pa timaluwa tobiriwira ngati mtambo tomwe mumationa pamwamba, amachitanso maluwa ena pansi pa nthaka n'kubereka njere konko. Kale ankakhalamo m'munda mwanu, koma chisoso, bonongwe ndi maudzu ena zinkamupanikiza, khasu nalo linkamugadabuza chaka ndi chaka. Inu mwakhala zaka 8 mukumuphera adani ake onse, mwasiya kutembenuza nthaka, mukumuthirira feteleza. Angalekerenji kufalikira? Zomwezi zidachitikira alimi a thonje ku Georgia m'dziko la America atayamba kudalira glyphosate yekha, mankhwala enieni a mu Roundup: mtundu womwewu wa khovani, umene kale sankauwerengera, udasanduka mutu waukulu. Dawe nayenso ali m'gulu lomweli. Mankhwala amawotcha masamba koma timbatata take tapansi timatsala tamoyo, tikudikira mvula ina.

Choncho pa khovani, kuwonjezera Roundup n'kutaya ndalama. Amagonja akadali wamng'ono, wa masamba awiri kapena atatu. Mankhwala okhala ndi S-metolachlor, monga Dual Magnum, amamugwira bwino akapoperedwa panthaka yonyowa iye asanamere, ndipo 2,4-D amamupha akadali kamwana m'chimanga chosafika m'bondo. Koma 2,4-D ndimamutchula ndi mantha kuno kunyanja. Ngati mnansi wanu ali ndi thonje, fodya kapena tomato, kamphepo kochepa chabe kangakutengereni kwa amfumu, chifukwa thonje limapiringizika masamba ngakhale ndi kafungo kake. Sipuleya yomwe mwathiramo 2,4-D musadzaibwereke munthu wopopera thonje. Khovani wamkulu ndiye muzule ndi manja n'kumutulutsa m'munda. Mukamusiya mumkwasa mwamuwokera. Nkhumba ndi akalulu zimamudya bwino.

Tsopano udzu winawo, umene kale unkafa koma lero sukufa. Ndisanaloze chala udzu, ine ndimayamba ndaona sipuleya, madzi ndi tsiku lomwe munthu adapopera. Chaka china ndidafika pamunda wa mlimi wina chakufupi ndi Chinguluwe ku Salima, yemwe ankalumbira kuti adamugulitsa mankhwala achinyengo. Ndidamupempha kuti achite zonse monga amachitira masiku onse, ine ndingoonerera. Mwana wake adakatunga madzi pachithaphwi cha kudambo, madzi ofiirira ngati thobwa. Bamboyo adathira mankhwala moyerekeza ndi diso, osayeza. Nditayang'ana kamlomo kotulukira mankhwala, kaja timati nozo, ndidapeza kuti kadatsekekapo tsiku lina ndipo adakabowola ndi msomali, moti mankhwala ankatuluka ngati mkodzo wa ng'ombe, kunyowetsa mzere umodzi n'kudumpha pambali ponse. Udzu womwe ankapoperawo udali wofika m'chiuno, wina utamasula kale ngala. Botolo lija lidalibe mlandu uliwonse.

Glyphosate, yemwe ndi mankhwala enieni a mu Roundup, ali ndi khalidwe lake. Akakumana ndi dothi amamatirira pomwepo n'kutha ntchito. N'chifukwa chake mumatha kupopera lero n'kudzala mawa chimanga osafa. Koma khalidwe lomwelo limatanthauza kuti matope a m'madzi opoperera amamumanga asanatuluke n'komwe mu sipuleya, ndipo fumbi lokhala pamasamba a udzu wa m'mbali mwa msewu limachita chimodzimodzi. Madzi a mijigo ina, aja sachita thovu msanga ndi sopo, ali ndi miyala yosungunuka yomwe imamufooketsanso. Ngati madzi anu ndi otero, chothandiza ndi feteleza wa sulphate of ammonia, osati urea ndiponso osati mchere: magalamu apakati pa 160 ndi 320 mu sipuleya ya malita 16. Musungunule kaye feteleza, musefe ndi kansalu, kenako muthire mankhwala. Udzu nawonso uyenera kukhala wobiriwira, ukukula mosangalala. Wofota ndi ng'amba sumwa mankhwala. Mvula ikagwa pasanathe maola anayi kapena asanu ndi limodzi chipoperereni, mitundu yambiri ya glyphosate imakokoloka. Ndipo musamuweruze msanga: samawotcha tsiku lomwelo, amalowa pang'onopang'ono mpaka kumizu, ndipo ntchito yake imaoneka bwino pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Izi sizikutanthauza kuti anzanuwo akulota. Kupima kwenikweni kulipo. Mukukumbukira chloroquine, momwe ankachizira malungo kale? Tizilombo tidamupima mpaka dziko lino lidamusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 tidasamukira ku LA. Udzu umayenda njira yomweyo. Sikuti mankhwala amauphunzitsa kulimba ayi, amangosankha. Mwa njere zankhaninkhani zomwe zili m'nthaka ya munda wanu, mumapezeka imodzi kapena ziwiri zobadwa mosiyana pang'ono, zomwe mankhwalawo sazipha. Chaka choyamba simungazione. Anzake onse afa, yokhayo yatsala ndi munda wonse, yabereka. Chaka chachiwiri pali kachigamba kongokwana mphasa. Chachitatu, ngati mwapoperanso mankhwala omwewo, kachigamba kaja kakwana bwalo la mpira.

Glyphosate adayamba kugulitsidwa mu 1974, ndipo kwa zaka zoposa 20 anthu ankakhulupirira kuti palibe udzu ungamupime. Mu 1996 ku Australia adapeza udzu wotchedwa ryegrass utapima. Chaka chotsatira ku Malaysia, m'minda ya zipatso momwe ankapopera kangapo pachaka, kudapezeka wina wotchedwa Eleusine indica. Ameneyu mumamudziwa ndithu: ndi wachibale wa mawere, uja wa ngala zotambasuka ngati zala za nkhuku, wolimba kuzula, wokonda m'njira ndi pabwalo. Ku South Africa vutoli lidayamba kuoneka m'minda ya mphesa kumayambiriro a zaka za m'ma 2000. Koma nkhani yomwe ndimakonda kuuza alimi ndi ya Palmer amaranth, msuweni wa bonongwe wathuyu. Cha m'ma 2005 adatsimikiza kuti wapima glyphosate ku Georgia komwe kuja. Tsinde limodzi limabereka njere mazana a zikwi. Alimi okhala ndi mathirakitala akuluakulu ndi ndege zopoperera adafika polemba aganyu kuti azizula ndi manja ndi makasu m'minda ya thonje. Mu 2018 chomera chomwechi chidapezeka ku South Africa. Si kutali kwenikweni, poganizira kuchuluka kwa chimanga, mbewu ndi malole zomwe zimadutsa m'malire athu.

Apa ndi pomwe theka lanu lija likundidetsa nkhawa. Muyezo wokwanira umapha udzu wamba pamodzi ndi uja wolimbako pang'ono. Theka limapha wofooka wokha n'kusiya wolimbako, ndipo olimbakowo akaberekana okhaokha, ana awo amalimba kuposa makolo. Ndi chimodzimodzi munthu womwa mapiritsi a malungo masiku awiri n'kusungira otsalawo mwana. Ndalama mwawononga, udzu sunafe, ndipo mukuweta mbewu ya udzu yomwe idzakuvuteni zaka zikubwerazi. Kuwirikiza muyezo nakonso si yankho. Ngati udzu wapimadi, muwirikize kawiri kapena katatu udzangokuyang'anani.

Za mtengo sindikutsutsani. Mankhwalawa amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, botolo lililonse lidakwera nawo. Koma pali malo ena odulapo ndalama osakhudza muyezo, ndipo oyamba ali m'kalata yanu momwemo. Mwati mukangodzala mumapopera Roundup wosakaniza ndi Harness chaka chilichonse. Funso langa ndi lakuti, tsiku limenelo m'munda mumakhala mutamera udzu? Harness, yemwe mankhwala ake ndi acetochlor, amagwira ntchito m'nthaka, kupha udzu pamene ukumera. Roundup amapha chokhacho chomwe chili ndi masamba obiriwira tsiku lomwe mwapopera. Ngati mwadzala ndi mvula yoyamba, nthaka ili mbee, mapesi okhaokha, Roundup yense mwamuthira padothi ndipo wathera pomwepo. Ndaona alimi ambiri a mtayakhasu akuchita zimenezi mwa chizolowezi, chifukwa ndi momwe adaonera pamunda wachitsanzo zaka zija ulimiwu unkafika ku Mwansambo ndi ku Zidyana kudzera ku mabungwe a Total LandCare ndi CIMMYT cha m'ma 2005. Yendani m'munda kaye. Ngati mulibe chobiriwira, botolo la Roundup lisatsekulidwe. Ngati udzu wamera m'zigamba, poperani zigambazo basi.

Harness nayenso ali ndi zofuna zake. Amafuna nthaka yonyowa ndi kamvula kotsatira kuti alowe pomwe pali njere za udzu. Mukapopera pafumbi dzuwa lili phwee n'kukhala sabata ziwiri popanda mvula, musadzadabwe. Mapesi okhuthala amagwiranso gawo la mankhwala mpaka mvula itawatsukira pansi. Ndipo panthaka yamchenga ngati ya m'mbali mwa nyanja, lebulo imapereka muyezo wocheperako kusiyana ndi wa pamakande. Kumeneko ndiye kuchepetsa kololedwa, kochokera palebulo, osati kwa m'thumba.

Chinthu chachiwiri ndi kudziwa madzi omwe inuyo mumathira pa ekala. Alimi amakonda kundifunsa kuti, "Ndithire mamililita angati mu sipuleya?" Funsoli lilibe yankho limodzi, chifukwa lebulo imanena za mankhwala pa hekitala, ndipo anthu sayenda liwiro lofanana. Yesani chonchi. Yezani malo a mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi. Thirani madzi okhaokha odziwika kuchuluka kwake mu sipuleya, poperani malowo mukuyenda monga mumayendera nthawi zonse, kenako yezani madzi omwe atsala. Omwe apitawo muchulukitse ndi 40, mupeza madzi a ekala imodzi. Tinene kuti apita malita awiri: ndiye kuti ekala imafuna malita 80, omwe ndi masipuleya asanu a malita 16. Ngati lebulo ikuti malita awiri ndi theka pa hekitala, pa ekala ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo mukaigawa kasanu mupeza mamililita 200 pa sipuleya. Mnzanu woyenda mwaulesi, yemwe amamaliza masipuleya 8 pa ekala, ayenera kuthira mamililita 125 okha. Iye akatengera muyezo wanu wawononga mankhwala opitirira theka la lita pachabe, inu mukatengera wake mwapopera madzi. Gulani jekeseni wamkulu wopanda singano kapena kakapu kolembedwa manambala, kakhale ka ntchito yomweyi basi. Nozo ikhale yomwaza mopyapyala ngati chipepeso, osati yozungulira ija ya mankhwala a mbozi, ndipo ikatsekeka itsukeni ndi kamswachi. Nozo yatsopano ndi yotchipa kuposa mankhwala omwe yakutha imakutayirani.

Ndalama zikakhala zokwana ekala imodzi ndi theka, poperani ekala imodzi ndi theka pamuyezo wonse, kwinako mupalire. Sankhani komwe udzu umavuta kwambiri kapena komwe kuli kutali ndi nyumba. Kumwaza mankhwala omwewo pa maekala atatu kumakupatsani maekala atatu ofunika kupalira.

Pogula, musayang'ane dzina lalikulu lapabotolo. Yang'anani timalemba tating'ono tonena mankhwala enieni ndi kuchuluka kwake. Umwini wa Monsanto pa glyphosate udatha mu 2000, ndipo lero makampani ambiri amamupanga ndi mayina osiyanasiyana, ena otchipa koma ogwira ntchito mofanana. Pali msampha umodzi pamanambala. Botolo lina limalembedwa 360, lina 480, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti la 480 ndi lamphamvu. Kawirikawiri ndi chinthu chimodzi: 480 amawerengera mankhwala pamodzi ndi mchere wake womwe adamumangirira kufakitale (osati wa kukhitchini uja), pamene 360 amawerengera glyphosate yekha. Werengani bwino, mupeza mabotolo ambiri a 480 alembanso 360 penapake m'munsi. Musalipire zambiri chifukwa cha nambala. Ndipo mankhwala opungulidwa m'timabotolo ta zakumwa, ogulitsidwa pamphasa tsiku la msika, asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Simudziwa ngati athiramo madzi, simudziwa tsiku lomwe adapangidwa, mulibe lebulo yoti muwerenge. Mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, yomwe likulu lake lili ku Bvumbwe, ndipo wogulitsa amayenera kukhala ndi chiphaso. Ngati lita yathunthu yakukulirani, sonkhani anthu atatu kapena anayi a m'kalabu, mugule chigubu chomata pasitolo yodziwika, mutenge lisiti, mukagawane tsiku lopopera.

Mwafunsa ngati musinthe mtundu. Inde, koma kusintha dzina si kusintha mankhwala. Mukachoka pa Roundup n'kugula glyphosate wa dzina lina, udzu suona kusiyana. Mukachoka pa Harness n'kupita pa Dual, mwasinthako pang'ono pa udzu womwe aliyense amaugwira bwino, koma kaphedwe kawo ndi kamodzi. Akatswiri adagawa mankhwala a udzu m'magulu potengera malo omwe amakantha m'thupi la chomera, ndipo malebulo ambiri tsopano amalemba nambala ya gulu. Glyphosate ndi gulu 9. Acetochlor ndi metolachlor ndi gulu 15. Atrazine, yemwe ali mu Bullet, ndi gulu 5. 2,4-D ndi gulu 4. Fusilade, wopha maudzu okhaokha m'mbewu za masamba aakulu monga mtedza ndi soya, ndi gulu 1. Malebulo akale amalemba zilembo m'malo mwa manambala, glyphosate n'kukhala G. Chofunika n'chakuti udzu wa pamunda umodzi usakumane ndi nambala imodzimodzi yokha chaka ndi chaka. Ndipo musadikire kuti kubwera mankhwala atsopano odzatipulumutsa. Kuchokera m'zaka za m'ma 1980 padapita zaka pafupifupi 30 popanda gulu latsopano lofika pamsika. Omwe tili nawowa ndi omwewa.

Njira yosavuta yosinthira gulu ndi kusintha mbewu. Kwanuko ndi kwa mtedza. Gawani mundawo kuti chigawo chomwe chinali chimanga chaka chino chidzakhale mtedza wa CG7 kapena soya chaka chamawa. Mukatero mumapeza mpata wogwiritsa ntchito mankhwala a gulu lina pa maudzu omwe avuta m'chimanga, nthawi yodzala ndi yopalira imasintha, ndipo mtedza kapena soya wodzalidwa mizere iwiri pamzere amatseka nthaka msanga. Kaufiti nayenso amachepa, chifukwa mbewu zimenezi zimanyenga njere zake kuti zimere popanda muzu wa chimanga woti ziyamwe. Chenjezo ndi la atrazine: amakhalitsa m'nthaka, ndipo lebulo imanena miyezi yoti mudikire musanadzale mtedza, nyemba kapena soya. Muwerenge musanagule Bullet, makamaka ngati mayi akunyumba amadzala maungu ndi khobwe m'chimanga. Nkhani imeneyi imayambanitsa mabanja. Bambo akusangalala kuti munda wayera, mayi akufunsa komwe akathyole nkhwani, chisoso ndi luni mu January, mwezi womwe ndiwo zimasowa. Siyani kachigawo kosapopera, nkhondoyo ithe.

Mthunzi ndi mankhwala omwe sagulidwa. Dawe amadana nawo kwambiri. Chimanga chodzalidwa pa masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi paphando, chopatsidwa feteleza pa nthawi yake, chimatseka msanga kuposa cha mapando otalikirana. Mapesi ophimbira akakhala okwanira, moti dothi silikuoneka, njere zambiri zing'onozing'ono sizimera. Akakhala apa ndi apo chifukwa ng'ombe zadya kapena osaka mbewa atentha, ndiye mwapeza zoipa zonse ziwiri: simunalime, simunaphimbire. Nandolo wodzala m'chimanga amapitiriza kuphimba nthaka chimanga chitauma. Pachigawo chomwe chalowerera kwenikweni, ndingakulangizeni kudzala kalongonda chaka chimodzi. Amayanga n'kukwirira chilichonse, ndipo amasiya nthaka yonona. Kapinga ndi nansongole, zomwe zimayenda ndi mizu pansi, zimafuna muyezo wokwera wa glyphosate womwe lebulo imaulemba padera, ndipo zimamva bwino zikakhala ndi masamba ambiri obiriwira, monga kumapeto kwa dzinja, osati pamene zangotulutsa timitu ndi mvula yoyamba. Poperani pomwe zili pokha.

Za aganyu tsopano. Dzina lakuti mtayakhasu lidatipusitsa pang'ono. Chomwe tidataya ndi kugalauza ndi kuunda mizere chaka chilichonse, osati kupalira konse. Ine sindikuti mubwerere kolemba anthu oti apalire maekala atatu kawiri, pa nthawi yomwe aliyense akufuna waganyu ndipo mtengo wawo uli m'mwamba. Ndikuti pakatha masabata atatu kapena anayi chipoperereni, mulowe m'munda ndi khasu lopepuka, muzingosenga pamwamba chilichonse chomwe chapulumuka. M'mera mpoyamba: masabata 6 oyambirira ndi omwe udzu umalanda chimanga chakudya kwambiri. Kenako mudzalowenso chimanga chitamasula, nthawi yomwe ambiri amati ntchito yatha, n'kuzula udzu uliwonse womwe ukufuna kubereka. Ulendo wachiwiriwu suwonjezera thumba chaka chino, n'chifukwa chake anthu amaunyozera, koma ndi umene umatseka njira ya kupima. Udzu wopima ukazulidwa usanabereke, mbiri yake yathera pomwepo, ndipo palibe udzu udapimapo khasu. Alimi a ku Australia, atatopa ndi ryegrass, adafika popanga makina omangirira kumbuyo kwa chokololera kuti azipera njere za udzu zisanagwere pansi. Inu muli ndi manja ndi maekala atatu, mungathe kuchita zomwezo bwino kuposa iwo. Udzu womwe wachita kale njere musauyale pamodzi ndi mapesi. Utulutseni, muuwotche pamalo amodzi kunja kwa munda.

Poyerekeza mtengo wa mankhwala ndi wa ganyu, musawerenge m'makwacha, chifukwa kwacha ya October si ya January. Werengani m'ndowa za chimanga. Lembani kuti mankhwala a ekala imodzi, kubwereka sipuleya ndi wotunga madzi zadya ndowa zingati pa mtengo wa tsiku lomwe mudagula, ndipo kupalitsa ekala yomweyo kukanadya zingati pa mtengo wa nthawi yopalira. Mukachita zimenezi zaka ziwiri mudzadziwa nokha chigawo choyenera mankhwala ndi choyenera khasu, ndipo yankho la kumunda kwa mchenga silidzafanana ndi la kudambo.

Mwina wina akuuzani za paraquat, uja ambiri amamudziwa kuti Gramoxone, kuti ndiye amawotcha chilichonse tsiku lomwelo. Amawotchadi masamba, koma safika kumizu, moti khovani, dawe ndi kapinga zimaphukanso. Choopsa n'chakuti kamkamwa kamodzi kangathe kupha munthu ndipo alibe mankhwala othetsa ululu wake. Pakhomo pomwe pali ana, ine sindimulola. Mankhwala ena onsewa nawonso si madzi: valani nsapato zajombo, malaya aatali manja ndi magolovesi, sipuleya yodontha kumsana ikonzeni, ndipo musakatsukire mumtsinje kapena pamjigo. Zomwe zalowa mu Lingadzi kapena mu Chirua zimakathera kunyanja komwe timadya usipa wake. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya momwemo, kenako mulibowole kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira.

Chatsala ndi kudziwa ngati udzu wanu winawo wapimadi. M'munda, chizindikiro chake ndi ichi: mtundu umodzi wokha ndi womwe watsala pamene ina yonse yafa, ndipo pakati pa mtundu womwewo mukuona tsinde lakufa litagundana ndi lamoyo la msinkhu wofanana. Ngati zotsalazo zili m'mizere yowongoka, imeneyo ndi nozo kapena mayendedwe anu. Ngati mitundu yonse yangofooka osafa, ndi muyezo, madzi kapena mvula. Ngati udzuwo ndi waung'ono kuposa wakufawo, udamera mutapopera kale.

Mukakayikirabe, yesani nokha pakhomo. Mu March kapena April tengani njere zokhwima za udzu womwe wapulumukawo, musunge mu envulopu yolembedwa. Tenganinso njere za mtundu womwewo pamalo omwe sanapoperedwepo, kaya kuseri kwa tchalitchi kapena m'mbali mwa bwalo la sukulu, muziike mu envulopu ina. Kukayamba kutentha, fesani m'zitini kapena m'mabeseni akutha, atatu a njere za kumunda, atatu a njere za kwinako, dothi lofanana lochokera pamalo opanda udzu umenewo, muzithirira. Udzu ukafika masamba atatu kapena anayi, poperani mabeseni awiri a mbali iliyonse ndi mankhwala a m'botolo lomata, madzi oyera, muyezo wa palebulo, m'mawa kopanda mphepo. Beseni lachitatu la mbali iliyonse musalipopere, likhale loyerekezera. Dikirani masabata atatu. Zikafa zonse zopoperedwa, udzu wanu ulibe mlandu, konzani kapoperedwe. Zikafa za kutchalitchi zokha, za kumunda zili njo, musazitaye. Itanani mlangizi wa dera lanu adzaone ndi maso ake, mumupatse njere zotsala mu envulopu zija kuti azitumize kwa akatswiri a kafukufuku ku Chitala kapena ku Chitedze, ndipo muuze eni minda yoyandikana nanu, chifukwa njere zimayenda ndi madzi, ziboda za ng'ombe ndi matayala a ngolo. Pachigamba chimenecho glyphosate ayambe wapuma, ndipo chaka chimenecho pasagwe njere ngakhale imodzi.